Ngolo ya Mwana Wanga ndi Belu la a Chirwa

Ndikupereka ulemu kwa abusa athu ndi mayi busa, akulu a mpingo, madikoni, amayi anzanga, achinyamata, ndi alendo amene mwabwera kudzatiperekeza. Monire mose. Mundikhululukire, ndiyankhula Chichewa. Mukudziwa kuti kwathu ndi ku Dowa, kuno ku Nkhamanga ndinabwera ndi ukwati, ndipo Chitumbuka changa chimagwira ntchito pamsika ndi pamaliro, koma nkhani ikafika pamtima chimandithawa.

Ndikufuna kuchitira umboni. Ndikufuna kuchitira umboni chifukwa ena mukumva kuti ine NyaPhiri ndikukwera ndege, mukuganiza kuti zangoyenda. Sizinangoyenda ayi. Panatsala pang'ono kuti andisiye, ndipo panatsala pang'ono kuti ndidane ndi mkulu wa mpingo, ine mayi wovala yunifolomu.

Kwa amene simukudziwa, mpingo wa abale athu a ku Skotilandi unalemba kalata. Unapempha anthu asanu ndi mmodzi ochokera m'mipingo ya boma lathu lino kuti tikakhale nawo masabata atatu, tikayimbe, tikalalikire, tikachitire umboni. Anzanga asanuwo ndi anthu a sukulu, aphunzitsi, namwino, wina wa zaulimi. Ine ndinalekezera Sitandade 6. Anandisankha chifukwa cha kagulu kathu kaja ka amayi koyendera odwala ndi oyembekezera m'midzi. Tsiku limene abusa anandiuza, ndinagwada m'munda wa mtedza, khasu lili pambali, n'kulira.

Ndiye anatiuza kuti tisanapite tiphunzire kaye, Loweruka lililonse, ku boma, kwa miyezi itatu. Mtsogoleri wathu ndi a Chirwa, mkulu wa mpingo, ahedi opuma ntchito, a ku Mlowe. Ndi awo akhala pafupi ndi abusawo. Ndawapempha chilolezo ndipo andilola kuti ndinene zonse, ndiye musawayang'ane ndi chisoni.

Loweruka loyamba ndinafika bwinobwino, ndavala chitenje changa chatsopano. Nditalowa ndinagwada kwa a Chirwa kuti ndiwapatse moni. Ndisanatsirize n'komwe kufunsa mmene adzukira, anandiuza kuti ndidzuke. Anati kuyambira lero m'chipinda muno mulibe moni wautali, tikuzolowera za kunja, kumeneko munthu amanena mawu awiri n'kukhala pansi. Anatulutsa wotchi n'kuyiika patebulo. Anatulutsanso belu la kusukulu, lija la chogwirira chamtengo.

Abale, mundimvetse chimene chinandipweteka. Ine nditangokwatiwa kuno ndinkapereka moni wa kwathu, wofulumira. Malemu apongozi anga anandikhazika pansi, anati mwana iwe, kuno sitidutsa munthu ngati chitsa. Umagwada, umafunsa mmene wadzukira, umafunsa akunyumba, ana, amene akudwala, ngakhale ng'ombe ngati ali nazo, ndipo sunyamuka asanakufunse nawenso. Ndinkalakwitsa, ankandibweza pakhomo kuti ndikayambirenso. Alamu anga ankanditchula kuti Mchewa wothamanga. Zaka zinapita ndikuphunzira, mpaka mawondo anga anachita zikang'a. Lero ndadziwa, anthu akuti NyaPhiri ali ndi ulemu, ndiye Mtumbuka mnzawo wa apongozi anga akundiuza kuti nditaye zonsezo. Ndinati mumtima, anthu inu gwirizanani kaye.

Zina zimene ankatiphunzitsa ndinapirira. Anatidyetsa nthochi ndi foloko ndi mpeni, nthochi yoti Mulungu anayipatsa kale chogwirira. Ndinapirira. Anatiuza kuti tigule majekete pakaunjika, ndipo m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anatizungulitsa tchalitchi titavala majekete atatu, masokosi ndi chipewa chaubweya, ati tizolowere kuyenda titalemedwa. Amayi ogulitsa tomato kunja kwa mpanda anasiya malonda n'kumationerera. Ndinapirira. Anayeza chikwama changa pasikelo ya fodya n'kutulutsamo mtedza ndi usipa umene ndimafuna kukapatsa otilandira. Ndinapirira, ngakhale kuti mpaka lero sindikumvetsa kuti mlendo amafika bwanji pakhomo pa eni ali chimanjamanja.

Chimene chinandivuta ndi umboni. Kalata ya kunja inati mapemphero awo amatenga ola limodzi basi, ndiye aliyense wa ife adzapatsidwa mphindi zitatu. A Chirwa okha, monga mtsogoleri, mphindi khumi. Ndipo kwa ine wosadziwa Chingerezi, mphindi zitatuzo ndi zogawana ndi wondimasulira, NyaMsiska, namwino wa m'gulu lathu. Ndinene ine, anene iye, ndinene ine, anene iye. A Chirwa ananena poyera kuti kumapeto kwa miyezi itatu kudzabwera abusa ndi akulu kudzatimvera, ndipo amene sadzatsiriza belu lisanalire, malo ake adzapatsidwa kwa wina. Anati pali amayi awiri odziwa Chingerezi amene akungodikira.

Inu a kuno umboni wanga mukuudziwa. Ndi wa mwana wanga wachisamba, Tiwonge, uyo wakhala kumbuyoyo. Anachira kunyumba mwadzidzidzi nthawi ya mvula, mwana anabadwa bwino koma iye magazi osaleka. Galimoto kunalibe. Tinamugoneka m'ngolo, tinanyamuka m'mawa ndi mlamu wanga, mtsinje tinaupeza utadzaza, ng'ombe imodzi inagona m'matope n'kukana kudzuka. Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka, milomo yake itayera ngati pepala. Mulungu anandibwezera mwana ameneyo, ndipo n'chifukwa chake ndinayamba kuyendera oyembekezera. Ulendo wa tsiku lathunthu, abale, ati ndiuike m'mphindi imodzi ndi theka.

Loweruka loyamba ndinayimirira, ndinayamba kupereka ulemu kwa abusa a kunjawo, akazi awo, akulu awo. Belu linalira ndisanafike kwa madikoni. Loweruka lachiwiri ndinafupikitsa moni, koma belu linalira ng'ombe zisanatuluke m'khola. Loweruka lachitatu tinazimanga pagoli, belu. A Chirwa anati moni ndichotseretu. Ndinawafunsa kuti ndiyime bwanji pamaso pa anthu amene andidyetsa n'kundigoneka, n'kuyamba kuwauza za magazi a mwana wanga ndisanawalonjere. Anati ndi mmene zilili, wotsatira.

Mawu amenewo, wotsatira, ndinayamba kuwamva ndi kutulo komwe.

NyaMsiska naye anandiwonjezera. Ine ndinene mawu ambirimbiri okoma, iye n'kungoti pwepwete mawu atatu, n'kundiyang'ana kuti ndipitirize. Ndinamufunsa kuti mwana wanga, zonse zija wanena? Anati amama, ndanena mutu wake. Ndinati ine sindinabwere ndi mutu wokha, ndabwera ndi thupi lonse. Anaseka, a Chirwa n'kuloza wotchi.

Loweruka lililonse mwana wanga ankatsala panjira. Tsiku lina ankatsala pamtsinje, tsiku lina m'matope. Mwezi wathunthu ndi theka ngolo ija sinafike kuchipatala. Mpaka tsiku lina tili pasiteji, bambo wa ku Mwazisi wa m'gulu lathu anandiyandikira mwaulemu, atavula chipewa, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati mwana uja anapulumuka. Anati akhala akuvutika nazo mumtima, ndipo akazi awo kunyumba amawafunsa Loweruka lililonse kuti lero ngolo yafika pati. Musaseke, ine tsiku limenelo sindinaseke.

Kunyumba ndinalibe wotchi, ndiye ndinkayeserera pamjigo. Ndinapeza kuti ndowa yanga yaikulu imadzaza panthawi yofanana ndi imene a Chirwa amandipatsa. Ndinkaika ndowa, wina n'kumapopa, ine n'kumalankhula. Amayi a pamjigo, muli muno, mukudziwa zimene munkandichita. Wina ankapopa mofulumira dala. Wina ankati NyaPhiri wasiya zoti mlamu wako anataya nsapato m'madzi. Wina ankati wasiya dzina la ng'ombe. M'malo mondithandiza kudula, munkawonjezera. Bambo akunyumba nawo anati iwo akhala nane zaka makumi atatu ndipo sanandionepo nditamaliza nkhani, ndiye a Chirwa ali ndi chikhulupiriro choposa chawo.

Apa ndi pamene ndikufuna kuulula tchimo langa. Ndinayamba kuwapempherera a Chirwa mapemphero osayenera. Sindinapemphe kuti adwale ayi, Mulungu ndi mboni. Koma ndinapempha kuti kachitsulo ka m'kati mwa belu kaduke. Ndinapempha kuti wotchi ija igwere m'madzi. Ndinkawaona mmene ankathamangira, ikangokwana twelofu koloko atseka buku, belu m'chikwama, osadya nafe, osatsanzika bwino, ulendo ku siteji. Ndinkati anthu ophunzirawa ndi onyada, akuona ngati kukhala ndi ife ndi kutaya nthawi. Ndinkauza anzanga, anzanga n'kumavomereza. Tinkawadya a Chirwa pamodzi ndi mabanzi athu.

Kutatsala Loweruka limodzi, anandiyitanira pambali. Anati mayi, ine sindikukudani, koma mwakhala mukupitirira nthawi Loweruka lililonse, ndipo Loweruka likubwerali sindidzanama pamaso pa abusa. Ndinakwera minibasi kubwerera kunyumba. Pasipoti inali itatuluka kale. Amayi a kagulu kathu anali atandisokera kale chitenje cha ulendo. Ndinaganiza za manyazi obwerera kwa iwo n'kuwauza kuti andisiya chifukwa cha pakamwa.

Sabata imeneyo ndinasala kudya masiku awiri. Ndinati Ambuye, ngati mukufuna kuti ndipite, ndiphunzitseni kudula. Koma musandisandutse munthu wodutsa anzake ngati zitsa, chifukwa zimenezo sinditha. Ndipo Lachinayi, ndikusenda chinangwa, ganizo linangofika. A Chirwa amayamba kuwerenga nthawi ndikayimirira kutsogolo. Pakhomo alibe wotchi. Ngati moni sukwana m'mphindi zitatu, ndiupereke ndisanalowe.

Loweruka la mayeso ndinakwera galimoto yoyamba. Ndinafika wosesa asanatsegule, ndinayala chitenje pakhonde pafupi ndi chitseko, n'kugwada. Aliyense wofika ndinkamulonjera mmene apongozi anga anandiphunzitsira. Abusa oyamba kufika, ndinawafunsa za mayi busa ndi ana. Bambo wa ku Mwazisi uja, ndinamufunsa za njovu zimene zinkawadyera chimanga, ndipo anayima n'kufotokoza mpaka ena anapanga mzere kumbuyo kwake. Palibe amene anadandaula. Anzanga a m'gulu ankandikodola ndi maso kuti a Chirwa akubwera, dzuka. Sindinadzuke.

Anafika akupuma mofulumira, chikwama m'khwapa. Anandiona, nkhope n'kuuma. Ndinati lero ndiye lero, akandichotsa andichotse nditawalonjera. Ndinawagwira dzanja ndi manja anga awiri, osalisiya. Ndinawafunsa mmene adzukira, anayankha mwachidule. Ndinawafunsa za ulendo wa ku Mlowe, anati wayenda. Ankakoka dzanja, ine ndikuligwirabe.

Ndinati, "Nanga amama kunyumba adzuka bwanji?"

Dzanja lija linasiya kukoka. Anakhala pansi pa sitepe, bambo wamkulu, buluku lawo lositidwa bwino lija pafumbi.

Anati, "Amayi anu sadzuka. Mwezi wachinayi uno."

Abale, akazi awo anagwidwa ndi sitiroko maphunziro athu asanayambe n'komwe. Mbali imodzi inafa, kulankhula kunasiya. Amene amawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa ndi a Chirwa omwewa. Loweruka mwana wawo wamkazi ankabwera kudzakhala nawo m'mawa wokha, chifukwa masana amayenera kubwerera kwa khanda lake. Ndiye ikakwana twelofu, a Chirwa ankathamangira galimoto yotsika kunyanja, akaiphonya amayi akhala okha pabedi mpaka madzulo. Kwawo anthu ankadziwa. Ife a kumtunda kuno sitinkadziwa, chifukwa iwo sananene, ndipo ife sitinafunse. Miyezi itatu, anthu asanu opemphera, mmodzi namwino, wina ine woyendera odwala. Lamulo analiika ndi iwo, inde. Koma ife tinalimvera msanga kwambiri. Linatikomera, chifukwa linatipatsa nkhani yodyera mabanzi.

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo. Ndinafuna kupepesa pomwepo, koma anapukuta magalasi awo, anayimirira, n'kunena kuti tachedwa ndi theka la ola, tilowe. A Chirwa ndi a Chirwa.

Anzanga anayi anapereka maumboni awo, onse anatsiriza bwino. Ine ndinali womaliza. Ndinayimirira, NyaMsiska pambali panga. Moni ndinali nditapereka kale, ndiye mtima unali mbee. Ndinangoti mwana wanga ankafa, ndipo tinalibe galimoto. NyaMsiska anamasulira. Ng'ombe zinatuluka, tinafika pamtsinje, tinaoloka. Dzina la ng'ombe ndinalisiya, nsapato ya mlamu ndinayisiya. Tinafika pamatope paja. Pamenepo ndinaona a Chirwa akuyang'ana wotchi, n'kunyamula belu. Ndinati basi, mwana wanga watsalanso m'matope, ndipo ine ndatsala naye.

Ananyamula belu, koma dzanja linalo analilowetsa kunsi n'kugwira kachitsulo kaja. Anakhala choncho, belu m'mwamba, osalira. Ndinapitiriza. Ng'ombe inadzuka. Tinafika kuchipatala, anamwino anathamanga ndi machira, mlamu wanga anapereka magazi, ndipo m'mawa mwake Tiwonge anatsegula maso n'kupempha madzi akumwa. Bambo wa ku Mwazisi uja, amene ankadziwa kale mathero ake, analirabe. NyaMsiska tsiku limenelo sananene mutu wokha.

Nditakhala pansi, abusa otsogolera anafunsa a Chirwa kuti nthawi yakwana bwanji. Ndinkadziwa kuti sanama, ndipo kunena zoona sindikanafuna kuti aname chifukwa cha ine.

Anati, "Zakwana mphindi zinayi. Apitirira ndi imodzi."

Abusa anaweramitsa mutu n'kutenga cholembera. Ine ndinayamba kupinda chitenje changa.

A Chirwa anati, "Koma ine monga mtsogoleri ndili ndi mphindi khumi. Ndilankhula zisanu ndi zinayi. Imodziyo ndawapatsa mayiwa. Lembani dzina lawo."

Mkulu wina anafunsa ngati kalata ya kunja ikulola zimenezo. A Chirwa anati kalatayo ikunena za ola limodzi, ndipo ola likwanabe, aliyense wokayika atenge pepala awerengere. Palibe amene anatenga pepala. Abusa analemba. Ndinaona ndi maso anga akulemba dzina langa, lachisanu ndi chimodzi, pansi penipeni.

Tsiku limenelo a Chirwa sanathamange okha. Tonse asanu tinakwera nawo galimoto yotsika ku Mlowe. Tinawapeza amayi ali pabedi loyera bwino, tsitsi lopesedwa, ndipo amene ankawapesa ndi mwamuna amene ine ndinkamutcha wonyada. NyaMsiska anawaonetsa katembenuzidwe kosapweteka msana. Ine ndinagwada pambali pa bedi n'kuwalonjera, ndinawafunsa zonse, ngakhale sakanatha kuyankha. Anandifinya chala. Kumeneko ndi kumene ndinawapepesa a Chirwa, ndipo ndinawauza ndi za mapemphero anga aja. Anati ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani wotchi yawo yakhala ikutsalira masiku ano.

Tinakhala pansi ndi amayi a mpingo wa kumeneko. Tinapeza kuti a Chirwa ankawakaniza kuthandiza, ati asavutitse anthu, ndipo za masabata atatu a ulendowa anali asanadziwe n'komwe kuti achita bwanji. Tinawakalipira a Chirwa pang'ono, ndipo ine ndinakalipa kuposa onse, chifukwa ndinali ndi zambiri zosungira. Pano amayi asanu ndi awiri agawana masiku, aliyense tsiku lake, ndipo mng'ono wawo wa amayiwo wabwera kudzagona m'nyumbamo mpaka tidzabwere.

Musaganize kuti a Chirwa asintha n'kukhala munthu wina. Dzulo lomweli anandiimbira foni kundikumbutsa kuti zinayi ndi zinayi, osati zisanu, ndipo anadula ndisanamalize kufunsa za ana. Ndinaimbanso ineyo. Anayankha.

Ndiye ndayima pano kuthokoza. Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe mapemphero anga opusa, koma anayankha lija la Lachinayi. Ndikumuthokoza kuti anandichotsera chidani ndisanakwere nacho ndege, chifukwa ndikanakalalikira chiyani kwa eni ake nditanyamula katundu ameneyo? Ndikuthokoza abusa, ndikuthokoza inu amayi a kagulu kathu amene mwalonjeza kuti odwala athu sadzasowa owayendera ine kulibe. A Chirwa, yewo chomene, Mulungu akudalitseni, ndipo awakhudze amayi. Mpingo wonse ndikukupemphani, dzina la amayi a Chirwa lisachoke pakamwa panu m'mapemphero.

Tikunyamuka Lachitatu. Ine mayi wa Sitandade 6, amene sindinafikepo ngakhale ku Blantyre, dzina langa lili papepala. Ngati mukuona kuti Mulungu wandichitira zabwino, musandisiye ndikondwere ndekha. Amayi, nthungululu zanu zili kuti? Akwaya, tiyambitsireni nyimbo, ndipo mpingo wonse uyimirire, tiyamike pamodzi. Amen.